Simenti Wanga ndi Mmisiri Woseka

"Mmisiri wokwiya amangokudyera masiku. Woseka amakudyera ndi denga lomwe." Anandichenjeza motero ndi malemu azakhali anga, chaka chimene tinkakhoma malata oyamba panyumba ino, ine ndikadali ndi mano onse. Nditawafunsa chifukwa chake anangokoka fodya wawo wamphuno, n'kuyetsemula, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawuwo ndinawasunga, pakuti ine mawu oipira munthu sindiwataya.

Ndinene poyambirira kuti ine sindikhulupirira munthu. Mchere ndikabwereketsa ndimauperekeza ndi maso mpaka ukalowe mumphika. Kutchalitchi abusa akati titseke maso, ine ndimatseka limodzi, linalo limakhala pa ambulera wanga. Anthu amati ndi ukalamba, koma ndinayamba ndili mtsikana, ndipo mpaka lero palibe chimene chandionetsa kuti ndinalakwitsa.

Nyumba yangayi anamanga ndi malemu amuna anga, ndi ndalama ya fodya, nthawi imene fodya anali fodya. Njerwa zootcha, zomangira dothi, malata pamwamba. Yakhala zaka zambiri osadandaula. Koma khoma lakumbuyo linayamba mng'alu, poyamba ngati tsitsi, kenako ngati chala. Ine mng'aluwo sunkandivuta ayi. Kunena zoona ndinkaukonda. Ndikakhala pabedi ndinkaona nkhokwe yanga, khola la mbuzi, ndi kanjira kamene alamu anga, akazi a mchimwene wanga, amadzera akamati akukafuna nkhuku yawo yosochera pafupi ndi chinangwa changa. Zenera lotero ngakhale ku Lilongwe kulibe: iwe ukuona onse, iwo osakuona.

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongweko, atabwera kudzandiona analowetsa dzanja mu mng'alumo mpaka m'chigongono. Analitulutsa lili ndi kangaude.

"Amayi, nyumba iyi ikuphani."

"Ikanafuna ikanandipha kale. Timadziwana."

"Sindikuseka. Tikonze khomali, tikweze denga, tithire simenti pansi. Koma mvetsetsani: mvula ikakupezani m'nyumba yong'aluka, ndibwera ndi galimoto. Mukakhala kwathu."

Kwathu, akutero. Ndinapitako kamodzi. Mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, ndipo tsiku lonse umakhala ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, kumvera agalu a eni ake. Sudziwa amene wadutsa, sudziwa amene wamwalira. Komanso ndikachoka pano m'mawa, madzulo ake alamu anga adzakhala atayamba kale kuyeza munda wanga ndi mapazi, akuti akungowongola miyendo. Ndiye nkhani inali imeneyo: nyumba ikhale yolimba mvula isanagwe, apo ayi ine wa ku geti.

Kuno kwathu ku Kasungu kukonza nyumba kuli ndi nyengo yake, ngati ngumbi. Mabelo a fodya akangopita ku okushoni, mudzi wonse umagwidwa ndi matenda ogumula. Uyu akuboola khoma kuti aike zenera lalikulu, uyo akuwonjezera khonde, winayo akuchotsa chitseko chabwinobwino kuti aike chachitsulo. Ndalama ikatha ntchito imaima pomwe yafikapo, n'kudikira fodya wa chaka chamawa. N'chifukwa chake mukamayenda kuchokera ku Santhe mumaona mazenera otsekedwa ndi njerwa podikira magalasi, ndi zipinda zopanda denga m'mene mwamera mpaka mapapaya obereka. Sitichita nazo manyazi. Nyumba ya mlimi wa fodya simalizidwa, imangopumira.

Koma chaka chimenecho matendawo anagwira anthu ochepa. Fodya wa ambiri ankangobwerera kuchokera ku okushoni osagulidwa, wogulidwayo mtengo wake wongokwanira kubweza feteleza. Kwacha inali itagwa, ndipo katundu m'sitolo ankakwera ngati akuthawa madzi osefukira. Chimene wafunsa m'mawa, madzulo chasintha. Mwana wanga anati tigule simenti msanga, m'nyengo yozizira momwemo, ngakhale kumanga kudzayambe mochedwa. Za malata atsopano anati tidzaona, ndipo tinaonadi: pofika nthawi yake ndalama ya malatayo inali itasanduka ya misomali.

Simenti ndinakagula ndekha ku Santhe, kwa bambo wina wa sitolo ya zomangira, Msilamu wa kofiya yoyera, amene Lachisanu masana amatseka sitolo ngakhale pakhomo pataima munthu ndi ndalama m'manja. Munthu waulemu kwambiri, mwina mopitirira, moti ndinkamuyang'anitsitsa.

"Mama, mwati kumanga muyamba liti?"

"Nthawi yake ikakwana."

"Ndiye mukasunga pati simentiyu?"

Ndinamuyang'ana. Funso lotani limenelo kwa mayi wamasiye wokhala yekha?

"Ndikasunga posungira."

Anaseka pang'ono. "Chabwino, mama. Koma muike m'nyumba, pa matabwa, pouma. Asakhudze pansi. Aliyense ndimamuuza zomwezi."

Aliyense! Mawu amenewo ndiwo anandithandiza kuganiza. Ngati aliyense wogula amauzidwa kuti aike m'nyumba pa matabwa, ndiye kuti mbava iliyonse kuyambira ku Santhe mpaka ku Lisasadzi imadziwa pokayang'ana. Ndipo mbava ndi yabwinoko, imabwera kamodzi. Oopsa ndi abale. Simenti akakhala pabalaza, uyu abwera ndi kambale kuti amate chitsime, uyo ndi ndowa kuti akonze manda a agogo ake, omwenso ndi agogo ako, ukana bwanji? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono kumunsi kwa nyumba yanga, cha kudambo, kuli dzenje limene amuna anga anakumba kalekale lofewetsera fodya. Kwa osadziwa: fodya akauma amakhala wofumbutuka, ukamugwira amathetheka. Ndiye asanasankhidwe timamugoneka m'dzenje lozizira, lofoleredwa ndi udzu, kuti akoke chinyontho afewe ngati chikopa. Chinthu chodula kwambiri chimene chinalowapo pakhomo pano chinali fodya, ndipo fodya ankagona m'menemo n'kutuluka wokongola. Nanga simenti ndi ndani kuti akane pogona fodya? Dzenjelo linali litaiwalika, udzu utamera mozungulira, ana ankaliopa ati muli njoka, mbiri imene ndinaifalitsa ndine ndemwe zaka zapitazo pofuna kuteteza nthochi zanga.

Ndinapeza wangolo wa kumudzi wakutali, wosadziwa aliyense kuno, ndipo tinabweretsa katunduyo tsiku la msika, mudzi wonse uli ku Santhe. Matumba ochepa ndinamuuza aike kunsi kwa bedi, oti akabwera wopempha ndizimuonetsa kuti ndi okhawo. Ena onse, mulu wonse, anatsikira m'dzenje. Ndinayala udzu pansi monga tinkachitira ndi fodya, pamwamba ndinafunditsa masamba a nthochi aawisi kuti mapepala asaonekere. Wangoloyo anaima n'kukanda m'mutu.

"Agogo, koma muno..."

"Mwalipidwa kuti munyamule kapena kuti mulankhule?"

Anakwera ngolo yake n'kumapita. Miyezi yonse yozizira ija ndinagona tulo tabwino. Alamu anga anabweradi ndi kambale. Ndinawaonetsa a kunsi kwa bedi, n'kuwauza kuti mwana wanga anawajambula pafoni ndipo amawadziwa ndi nkhope.

Mmisiri anamupeza ndi mwana wanga yemweyo, kudzera mwa anzake. Anafika kutayamba kutentha, anthu akuthirira nazale za fodya kudambo. Bambo wamfupi, wadazi, njinga yopanda mabuleki, levulo yake yoyezera makoma atamangirira pa kaliyala ndi mphira. Asanatsike n'komwe anali atayamba kale kuseka. Mtima wanga unangoti phaa.

"Odi, agogo! Nyumba yake ndi imeneyi? Aaa, iyi ndi mtsikana. Ingofuna kusamba basi."

"Mwaona kumbuyo?"

Anazungulira, n'kusuzumira mu mng'alu muja, n'kundiona ine ndili mkati ndikumusuzumiranso.

"Zitheka, agogo!"

Ndiwo anali mawu ake amenewo. Ukamuuza kuti mitengo ya denga yadyedwa ndi chiswe, zitheka. Mchenga uli kutali, zitheka. Ndinamufunsa ngati ntchito ikupezeka chaka chino, iye n'kuseka mpaka kugwira njinga.

"Ntchito? Chaka chino anthu akumanga ndi pakamwa, agogo. Amandiitana, ndiyeza, tigwirizana, ndikabwera ndi zida akuti fodya wabwerera. Anzanga ena apita kukaotcha makala, wina akugulitsa mbewa pamsewu. Koma ine ndimati khoma silimva za okushoni. Likafuna kugwa limagwa. Ndiye mmisiri safa ndi njala, amangoonda."

Tsiku loyamba lomwelo anakwera padenga ndi nyundo, ndipo dzuwa lisanapendeke malata anga onse anali pansi, atasanjidwa bwinobwino pafupi ndi nkhokwe. Katundu wanga tinasamutsira m'khitchini ya udzu. Ndinaima pabalaza panga n'kuyang'ana kumwamba: khwangwala akudutsa. Mmisiri anasamba m'manja, anati mawa m'mamawa, n'kupalasa njinga.

Mawa lake sanabwere. Mkuja sanabwere. Sabata inatha ine ndikugona ndi nkhuku m'khitchini, nyumba yanga ili yasaa ngati kamwa la ng'ona. Ndinamanga chitenje, ndinatenga ndodo, n'kuyamba kufunsa m'midzi. Sindinavutike. Ndinkangoyang'ana nyumba zopanda denga. Ndinapeza ina kuseri kwa sukulu, eni ake atakhala pansi pa mtengo ndi mipando yawo. Ndinapeza inanso patsidya pa dambo. Pa yachitatu ndinamupeza mmisiri wanga ali pamwamba, akuzula misomali, akuimba nyimbo ya kwaya.

"Amisiri! Tsikani."

"Agogo! Mwayenda bwanji? Ndimati ndibwere mawa."

"Mukusasula mudzi wonse, mufuna tizipemphera tikuona kumwamba?"

Anatsika, anapukuta thukuta, ndipo anandiuza chilungamo, chinthu chimene sindinachiyembekezere.

"Agogo, masiku ano munthu amene nyumba yake ili ndi denga amasintha maganizo. Ukagwirizana naye lero, mawa wamva kuti feteleza wakwera, akuti tidikire chaka chamawa. Koma ukamuchotsera denga sasintha. Amakufunafuna yekha, ndi ndodo, ngati inuyo."

Ndinafuna kumukwapula nayo ndodoyo, koma mumtima ndinati munthu uyu akanakhala mwana wanga ndikanamunyadira. Ndinangopita pa njinga yake, ndinamasula mphira, ndinatenga levulo n'kuikulunga m'chitenje.

"Agogo, imeneyo ndiye maso anga!"

"Mukaipeza kwathu. Izigona kwathu mpaka denga langa libwerere."

M'mawa mwake tambala asanatsike mumtengo, njinga inali pakhomo. Anabwera ndi akazi ake, mayi wamtali wosalankhula, amene ankatunga madzi ndi kukanya matope. Ndinawakonda mayiwo, poti sankaseka.

Khoma lakumbuyo analigwetsa lonse, zenera langa lachinsinsi n'kupita nalo. Anakumba maziko atsopano, ndipo simenti wa kunsi kwa bedi uja anathera m'menemo. Ine ndinakhala pampando pafupi ndi pokanyira, maso pa fosholo. Madzulo alionse ndinkakutumula matumba otha ndi kuwapinda ndekha, levulo n'kulowa nayo m'khitchini.

Kenako linafika tsiku.

"Agogo, simenti watha. Mwana wanu anati munagula wokwanira nyumba yonse. Ali kuti wina?"

"Alipo."

"Kuti?"

"Mufuna matumba angati lero? Ndikuuzani pokatenga mukatseka maso."

"Agogo, thumba la simenti si mtolo wa nkhuni. Tiyeni ndi wilibala."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Alamu anga anali kumaliro kumudzi wina. Ndinalumbiritsa mmisiri ndi akazi ake, ndipo tinatsetsereka cha kudambo, ine patsogolo. Titafika pa dzenje mmisiri anaima. Kwa nthawi yoyamba chimufikireni, mano ake sindinawaone.

"Muno?"

"Muno. Palibe anaganizako, si choncho?"

Anatsika. Anachotsa masamba a nthochi, amene anali ataola n'kuda bii. Anagwira thumba lapamwamba kuti alinyamule. Linakana. Analigogoda ndi chala. Kenako anatenga nyundo m'thumba la ovolosi n'kumenya. Linalira kuti ngwee, ngati khasu pamwala. Anamenya lachiwiri, ngwee. Anapita mpaka pansi, kumenya lililonse, ndipo lililonse linamuyankha. Akazi ake aja, amene sindinawamvepo mawu, anati, "Mayo ine."

Mmisiri anakhala pansi m'dzenjemo. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira, ndipo ndinati koma bambo uyu ali ndi mtima. Ayi ndithu. Kunali kuseka, kuseka kosatuluka mawu, misozi ili mbwee.

"Agogo, mwaumba miyala! Fodya amafuna chinyontho kuti afewe. Uyu akamwa chinyontho amagwira mpaka Yesu adzabwere!"

"Wa sitolo uja anandigulitsa simenti wokalamba," ndinatero.

Ndipo mawu amenewo ndinakawanenanso ku Santhe tsiku lotsatira, pamaso pa bambo wa kofiya uja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mama, simenti uja anatuluka muno ali ufa. Munamuika pati?"

"Posungira."

Sanafunsenso. Anangondionetsa ngodya ya sitolo pamene pankakhala matumba: panali mphaka atagona. Anati simenti wasowa, malole ali pamizere ya mafuta, ndipo akadzabwera mtengo wake ndidzafune pokhala ndisanaumve. "Mulungu akalola, mwezi wamawa," anatero. Mwezi wamawa! Kumadzulo mitambo inali itayamba kale kuunjikana masana alionse, nyerere zikusamutsa mazira.

Ndinabwerera wapansi mbali ina ya njira, kuti ndiganize. Nyumba yopanda denga, yopanda khoma limodzi, simenti miyala. Ndinaliona geti lija m'maso mwanga, ndi agalu ake. Ndinaona alamu anga akuwongola miyendo m'munda mwanga. Pakhomo ndinapeza mmisiri atakhala pa mulu wa njerwa, foni ili m'manja.

"Mwana wanu waimba. Akuti ndimutumizire zithunzi aone pamene tafika."

"Mwamuuza chiyani?"

"Ndati netiweki ikuvuta."

Tinayang'anana. Iye ankadziwa za dzenje. Ine ndinkadziwa za madenga atatu aja, ndi sabata imene anandigoneka ndi nkhuku, ndipo womulemba ntchito anali mwana wangayo, amene sachedwa kuchotsa munthu. Aliyense anagwira mnzake pakhosi, mwaulemu.

"Amisiri," ndinatero, "zitheka?"

Anayang'ana khoma losowalo, anayang'ana kumwamba, anayang'ana chulu chimene chili kuseri kwa khola.

"Makoma atatu aimawa anamangira chiyani?"

"Dothi la pachulu icho."

"Ndipo aima zaka zonsezi. Tagwetsa lija linang'aluka chifukwa cha madzi a padenga amene ankakumba kunsi kwake, osati chifukwa cha dothi. Pansi taika kale simenti. Pamwamba timangira chulu. Zitheka, agogo. Koma levulo yanga izigona kwathu."

"Izigona konkuno."

Tinayamba m'mawa mwake. Akazi ake ankakumba chulu, ine ndinakwinya chitenje n'kulowa m'matope kuponda, mawondo akulira ngati chitseko. Alamu anga anafika, manja kumbuyo.

"Alamu, simenti yense uja mukumangira matope?"

"Ndi mamangidwe atsopano. Simenti amatentha m'nyumba. Simunamve pa wailesi?"

"Nanga simentiyo ali kuti?"

"Akubwera. Mudzamuona."

Ndipo anamuonadi. Khoma litafika pamwamba, mmisiri ndi akazi ake anayamba kutulutsa miyala ija m'dzenje, umodziumodzi pa wilibala, akubuula. Anasenda mapepala. Mkati munatuluka zinthu zosalala, zotuwa, zonenepa pakati, ndi makwinya a thumba m'mbali, ngati mapilo a anthu olemera. Ina anaiyala m'munsi mwa khoma latsopano kuti madzi a padenga azigwera pamenepo. Yotsala anaisanja kutsogolo, kukhala masitepe okwerera pakhonde, ndi iwiri mbali iyi ndi iyo yokhalira. Anaima patali, mutu n'kupendeketsa.

"Agogo, ku Kasungu konse kulibe masitepe odula ngati awa."

Malata anabwerera akale omwe aja, pa mitengo yatsopano ya bulugamu. Anawatembenuza, mbali ya dzimbiri n'kuloza kumbuyo kosaona alendo. Pa msomali uliwonse anaika kachidutswa ka chubu cha njinga, mabowo akale n'kumata ndi phula. Chizimalupsa chinatipeza masana ena kutatsala malata a chipinda changa chogona. Mphepo inayamba, fumbi, kenako madontho akuluakulu ngati ndalama zachitsulo. Mmisiri anali pamwamba akukhoma ngati wamisala, akazi ake akumupatsira malata, ine ndikuthamanga ndi pepala la pulasitiki la panazale kufunditsa khoma langa la dothi, ndikulikalipira kuti likangoyerekeza kusungunuka lindiona. Bedi, limene linakana kulowa m'khitchini, linanyowa. Khoma linaima. Mmisiri anatsika ali chonyowa, akuseka, ndipo ndinamubwezera levulo yake. Ndinayamba ndaiyang'ana kaye ngati ndi yomweyo.

Mvula imeneyo inagwanso ku Lilongwe, ndipo Loweruka lake galimoto inaima pakhomo. Mwana wanga anatsika ndi zikwama zopanda kanthu, zoti alongezemo katundu wanga. Zithunzi zinali zisanamufike, netiweki inali ikuvutabe. Mmisiri ndinali nditamuitanitsa, anaima cha apo atavala malaya oyera.

Mwanayo sanapereke ndi moni womwe. Anazungulira kumbuyo. Anakankha khoma ndi manja awiri. Anakanda pakati pa njerwa ndi chikhadabo, n'kuyang'ana chala chake.

"Ili ndi dothi."

"La pachulu," ndinatero. "Lomwe linakulera iwe."

Analowa m'nyumba, anayang'ana pansi: pozira ndi dothi lakuda, monga kale. Anayang'ana kumwamba: malata omwe aja. Anatuluka, n'kudzigwetsa pa chimodzi cha zokhalira zija pakhonde, atagwira mutu.

"Amayi. Simenti yense uja ali kuti?"

"Wamukhalira."

Anayang'ana pansi pake. Anasisita ndi dzanja. Anaona makwinya a thumba, ndi pamene panadinda msoko wa pepala. Anayang'ana masitepe, imodziimodzi, mpaka pansi. Kenako anatembenukira kwa mmisiri.

"Bambo, chinachitika n'chiyani apa?"

Mmisiri anakhosomola.

"Mayi, simenti wa masiku ano ndi wosapirira. Ndiye tinati, m'malo moti atayike, agwire ntchito imene angathe. Koma khoma ili, likagwa dzinja lino, ndidzamanganso ulere."

"Amayi anga ali pansi pake?"

"Bedi tasunthira mbali inayo," ndinayankha msanga.

Mwana wanga ndi wanga ndithu, sapusitsika. Anaimirira n'kuyang'ana kumunsi, kumene tayala la wilibala linasiya kanjira koonekeratu kuchokera kudambo kudzafika pakhonde. Analondola kanjirako ndi maso mpaka pa udzu wa dzenje la abambo ake. Kenako milomo inayamba kunjenjemera, ndipo anatembenuka kuti ndisamuone, koma mapewa anamuulula.

"M'dzenje la fodya, amayi?"

"Sanabedwe ngakhale supuni imodzi," ndinatero. "Funsa aliyense amene anasunga m'nyumba ngati anganene zomwezo."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anazunguliranso kumbuyo, anakankhanso khoma, ulendo uno ndi phewa. Pobwera anali atasankha mawu ake.

"Dzinja limodzi. Ndikusiyani dzinja lino lokha. Ndikangomva kuti khoma ili lang'aluka, ngakhale ngati ulusi, sindidzafunsanso. Ndidzakunyamulani ndi mpando womwe mwakhalirawo."

Zikwama zija zinabwerera ku Lilongwe muli mtedza ndi ufa. Alamu anga, amene anali atabwera kudzatsanzikana nane atavala nkhope ya chisoni, anaima pamasitepe n'kufunsa kuti mapilo amiyalawa amagulitsa kuti. Ndinawauza kuti ndi ochokera kunja, oitanitsa. Mmisiri akuti anthu awiri amufunsa kale kuti awapangire otero, ndipo anawayankha kuti zitheka, angogula simenti n'kumusiya kwa agogo.

Pamene ndikulemba pano mvula yakhazikika, fodya m'minda wafika m'mawondo, ndipo nkhani yanga ili m'manja mwa khoma la dothi. M'mawa uliwonse ndimalizungulira ndi kuligogoda. Koma maso anga ayamba kuchita nkhungu, ndipo mng'alu wonga ulusi ukhoza kundidutsa. Mmisiri sindingamufunse, ayankha zomwe mukuzidziwa. Alamu anga akauona, foni ifika ku Lilongwe ine ndisanavale nsapato.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa cha kuno ku Santhe, patukani mudzandione. Nyumba yake simungaiphonye, funsani kwa agogo a masitepe onenepa. Odi muyambire patali, manja aonekere. Mukamwa madzi, muzungulire kumbuyo muliyang'ane bwinobwino khomalo, kuyambira pansi mpaka ku malata. Likakhala lili bwino, kaneneni paliponse, ngakhale pamsika. Mukaona kamzere, mudzandinong'oneze ine ndekha, ndipo mukatero mundithandize kuponda dothi musanapite. Chikho chomwera madzicho musiye pomwe ndikuchiona.